Tiwapeze bwanji anthu osunga ziweto mongoyembekezera?

Abale ndithandizeni nzeru chonde. Ndimathandizira pamalo osungira agalu ndi amphaka otoledwa, pano makola adzaza mpaka ena tikuwabweza pageti, zikundiwawa kwambiri. Tikusowa anthu oti angosunga chiweto kunyumba kwawo masabata angapo mpaka chipeze mwini wake. Ana amphaka opanda mayi ndiye avuta zedi, amafuna mkaka wa m'botolo maola 2 kapena 3 aliwonse ndi usiku womwe, wa ng'ombe amatsegula nawo m'mimba, komanso ana agalu osabayidwa katemera akathithikana parvo (nthenda yoopsa yopatsirana ya agalu, yosanzitsa ndi kutsegula m'mimba) imawagwira msangamsanga. Ambiri amati landilodi salola, ena akuti akachizolowera adzalephera kuchibweza. Inu amene munasungako, chinakulimbitsani mtima ndi chani? Nanga oopawa tiziwauza bwanji?