Kodi zikombole za makutu zimatha ntchito pakapita nthawi yaitali bwanji?

Woimba wa ku Chilenje: Akuluakulu, katswiri wa makutu kuno ku Lusaka ananditenga zikombole za silikoni (phala limene amathira m'khutu n'kuuma ngati labala, n'kutenga maonekedwe a khutulo) mu Meyi kuti ndipangitse mahedifoni olowa m'khutu ogwirizana ndi makutu anga, koma ndalama ndazipeza tsopano mu Okutobala. Kodi ndingazitumizebe kunja ku kampani yopanga mahedifoniwo?

Mkulu wa kwaya, Kabwata: Achimwene, funsani kaye kampani imene mwasankha, chifukwa ambiri amalandira zikombole zosapitirira miyezi 3 kapena 6. Silikoni sachedwa kuuma ndipo safota msanga, koma khutu lenilenilo limasintha, makamaka munthu akanenepa kapena kuonda kwambiri, ndipo kampata kakang'ono kokha n'kokwanira kuti besi izithawa komanso phokoso la panja lizilowa.

Mayi wa ku Matero: Ine ndingatengetse zina, bambo, popeza mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wobweza mahedifoni kunja kuti akawakonzenso. Pozitumiza muziike m'kabokosi kolimba kuti zisaphwanyike.

Woimba wa ku Chilenje: Zikomo kwambiri. Ndaondadi chaka chino, choncho ndipita kukatengetsa zatsopano.