Saluni ndi uvuni pa nyumba yokhalamo, pulani ndiitumize bwanji ku khonsolo?

Wojambula wa pa 25:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kasitomala, mayi wina ku Area 25 ku Lilongwe, nyumba yake ndi ya zipinda zitatu pa puloti ya lizi, akufuna awonjezere zipinda ziwiri kutsogolo, china chikhale saluni china aikemo uvuni aziphika mabanzi ndi makeke a maoda. Pavuta ndi poti akufuna khoma likhale pa fensi penipeni khomo liziyang'ana kumsewu kuti makasitomala asamadutse pabwalo. Fomani wawo wakumba kale maziko ndipo akuwauza kuti pa pulani tingolemba store ndi bedroom idutsa msanga. Ine mtima sukundilola koma mayiwa ngongole anatenga kale ku banki m'khonde, akubweza. Nditumize ku khonsolo ngati extension wamba (kungowonjezera nyumba) kapena change of use (kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo)?

Che Fomani:
Choyamba auzeni aimike kukumbako, simenti isalowe mu dzenjemo. Maziko opanda konkire amakwiririka tsiku limodzi, koma akathira basi ndalama yapita.

Kontirakita KK:
Koma achimwene tinene zoona, mu 25, mu 49, ku Chilinde masaluni ndi maokala a pa fensi ali mbwee, ndani anapita ku khonsolo? Mayiwa akufuna adyetse ana, mukawazungulitsa ndi mapepala chiwongola dzanja chiziyenda bizinesi isanayambe. Ine ndikanangojambula extension.

Mayi wa Planning:
A KK kudyetsa ana ndikukumvetsa, koma amene adzalire akadzalandira enforcement notice, kalata ya khonsolo yowalamula kusiya kapena kukonza zomwe achita popanda chilolezo, ndi mayi omwewo, fomani adzakhala ali pa saiti ina. Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, ikamanena development sikuti ndi kumanga kokha ayi, kusintha kagwiritsidwe ntchito ka malo kulinso momwemo. Ndiye apa pali zinthu ziwiri, makoma owonjezerawo ndi zomwe zizichitika mkatimo, ndipo komiti yovomereza mapulani imayang'ana zonse. Mukalemba bedroom iwo avomereza bedroom, tsiku lomwe mwapachika chikwangwani cha saluni chilolezo chija sichikukutetezaninso, komanso dzina lomwe lili pa title block, kabokosi ka pa pulani kolembapo amene wajambula, ndi lanu a Wojambula.

Za pa fensi iwalani. Puloti iliyonse ili ndi building line, mpata womwe umayenera kutsala pakati pa nyumba ndi malire, kutsogolo ndiye umakhala waukulu chifukwa cha msewu, ngalande, mapaipi a Water Board ndi mawaya a ESCOM. Komanso mafensi ambiri m'matauni mwathu sali pa malire enieni, anthu amakankhira mu road reserve, malo osungidwira msewu, pang'onopang'ono, ndiye musayeze kuchokera pa fensi, pezani ma beacon, zizindikiro za malire zomwe asaveya anaika pansi, muyerekeze ndi deed plan, mapu a puloti a mu lizi.

Pa bizinesi ine ndimasiyanitsa chonchi. Mayi woluka tsitsi anthu awiri atatu pa tsiku m'chipinda cha nyumba yake, nyumbayo ikadali yokhalamo, zotere mukazilemba poyera mu kalata yoperekeza pulani komiti imatha kuzimva. Koma uvuni wa bizinesi ndi nkhani ina, pali utsi, kutentha, antchito kulowa 3 koloko m'bandakucha, njinga zamoto kudzatenga katundu, oyandikana nawo ndi amene amayamba kukadandaula.

Kontirakita KK:
Chabwino mayi, pa beacon mwanena zoona. Koma change of use ya puloti yonse sizipangitsa kuti ma rates, msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, akwere?

QS wa ku Nkolokosa:
Akhoza kukwera ndithu akadzachita valuation, kuwerengeranso mtengo wa nyumbayo, ndipo si ma rates okha. ESCOM ili ndi tarifu ya domestic ndi ya general, uvuni wamagetsi wamkulu nthawi zambiri umafuna three phase, madziwo nawonso mtengo wa commercial ndi wina. Chinanso chomwe anthu amaiwala, malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za bizinesi, ndiye ikangotchedwa commercial konzekerani mabuloko a simenti. Muwawerengere mayiwa zonsezi papepala aone okha ngati mabanzi angabweze ndalamayo. Ndipo lizi mwaiwerenga? Imakhala ndi mzere wonena kuti malowo ndi okhalamo basi, eni malo kaya ndi MHC (Malawi Housing Corporation) kaya a Lands kaya khonsolo akuyenera kuvomera nawonso, chilolezo cha planning sichifufuta zomwe zili mu lizi.

Wojambula wa pa 25:
Zikomo nonse. Ndapitako m'mawa uno ndi tepi, ma beacon akutsogolo tawapeza atakwiririka mkati mwa mpanda, fensi inatuluka kunja moti maziko aja mbali ina ali mu road reserve. Kumbuyo sikutheka chifukwa kuli sepitiki tanki ndi soak away, koma kumbali ya kumanja kuli malo abwino ndithu pomwe amaimika galimoto kale. Ndiye lizi ndaiona, pabuka china, ili m'dzina la malemu amuna awo, sanasinthe.

Mayi wa Planning:
Apo ndiye poyambira tsopano, chifukwa fomu imafuna mwini malo kapena chilolezo chake, ndipo mayiwa pa pepala sanakhale mwini. Apite kwa DC kapena kwa Administrator General awathandize za letters of administration, pepala lowapatsa mphamvu zoyendetsera chuma cha malemu, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana pa nyumba ngati imeneyi, koma pepalalo likhalepo. Ndikunena izi chifukwa zimachitika, nyumba ikangoyamba kulowetsa ndalama achibale akuchimuna amatulukira, mayi atamanga ndi ngongole yake.

Inu pakadali pano jambulani chipinda chimodzi kumbaliko, mkati mwa building line, mulembe saluni osabisa. Onetsani pa site plan kageti kakang'ono ka oyenda pansi, chimbudzi cha makasitomala, komanso komwe madzi otsukira tsitsi azipita, asamathire mu ngalande ya kumsewu. Musanamalize kujambula pitani ndi sketch kwa ofisala wa development control, woona za zilolezo zomangira ku khonsolo, mukafunse ngati aitenge ngati ntchito yaing'ono ya pakhomo kapena akufuna change of use ya gawo limenelo, akuuzaninso makope angati ndi ndalama zake. Layisensi ya bizinesi ndi pepala lina, adzatenge chipinda chikatha.

Che Fomani:
Kumbali kumeneko samalani denga, madzi asamagwere kwa aneba, ikani gutter kapena lipendekere kubwalo kwawo komwe. Ndipo khoma latsopano pokumana ndi lakale asiye joint, dothi la ku 25 kwina limang'amba nyumba.

QS wa ku Nkolokosa:
Uvuniwo bwanji achite lendi kashopu pa msika wa Nsungwi, malo a malonda kale, a zaumoyo akabwera kudzayendera palibe zosintha use. Ndalama ya chipinda chachiwiri ija ilipira lendi miyezi ingapo ndi kugulira ufa.

Wojambula wa pa 25:
Ndakambirana nawo, poyamba anakhumudwa ndi za khomo la kumsewu koma atamva za lizi ndi iwonso amene akufulumira, akuti Lolemba alawirira kwa DC. Maziko akutsogolo akwirira mawa, mchenga ndi kwale tisunthira kumbali. Za shopu akuti akaona kaye mitengo ya lendi. A QS ndikutumizirani sketch madzulo ano mundiwerengere mabuloko ndi malata a chipinda chimodzicho.