Makasitomala akulipira pafoni, wondipikulitsa akufuna kashi

Mwini sitolo ya zomangira nyumba, pa Boma ku Mangochi: Anzanga a bizinesi, ndikupempha nzeru. Ndimagulitsa simenti, malata ndi misomali. Masiku ano ogula katundu wambiri akulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, pomwe ogula misomali ya theka la kilo akubwerabe ndi ndalama m'manja. Vuto ndi lakuti dalaivala wondibweretsera simenti amafuna kashi, choncho ndimazungulira maejenti atatu kapena anayi kuti ndalamayo ikwane, ndipo kutapa kulikonse amandidula, chonsecho phindu la pa thumba la simenti n'lochepa kale. Kodi ndiziuza kasitomala kuti aziwonjezera ya kutapira, kapena ndingokana za pafonizi?

Mayi wogulitsa nsomba, ku Makawa: Bambo, kukana musayerekeze. Munthu amalipira monga mmene ndalama yamufikira. Msodzi akagulitsa usipa padoko amalandira kashi, ndipo adzakugulani ndi kashi yemweyo, wonunkha nsomba. Koma mayi wa ku Namwera amene mwana wake ali ku Joni ndalama yake kawirikawiri imakhala pafoni, ndipo ndi iyeyu akumanga nyumba ya malata. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wanu inakwera moti kugula za K1 miliyoni si nkhaninso, koma ndalama imeneyi ndi mapepala 200 a K5,000. Mayi ameneyu aziwoloka mlatho wa Bakili Muluzi pakabaza atamanga mpukutu wotero m'chitenje? Mukamuuza kuti awonjezere ya kutapira, mawa akagula kwa mnzanu wa pafupi.

Wowerengera ndalama pa malo ogona alendo, ku Cape Maclear: Ndikugwirizana nanu mayi. Kuno alendo ochokera kunja amakonda khadi chifukwa safuna kutsala ndi makwacha pobwerera kwawo, ndipo ndalama imene banki imadula pa makina olipirira ndi khadi (POS) timangoiwerengeratu mu mtengo wa chipinda. Achimwene a sitolo, ine ndikuona kuti cholakwika chili pa kutapako. Ndalama ya pafoni mungathe kuikankhira ku akaunti yanu ya kubanki osadzera kwa ejenti, kenako n'kulipira wokupikulitsani kuchokera kubankiko. Ndiponso ngati mukulandira pa nambala yanu ya masiku onse, pitani mukalembetse nambala ya bizinesi, chifukwa malire a ndalama yosunga komanso zodula zake sizifanana ndi za munthu wamba. Mukafunse bwino musanasaine. Za macheke ndinenepo pang'ono: amene ankakonda kulipira ndi cheke anali mabungwe ndi masukulu, chifukwa kwawo ndalama siituluka popanda anthu awiri kusaina. Ife bungwe lina litachita msonkhano kuno linatisiyira cheke chimene chinabwezedwa, ndipo tinatha milungu ingapo tikuimba foni. Kuyambira pamenepo timadikira kuti ndalama ionekere mu akaunti.

Ejenti wa pamsika: Ife maejenti sitibisa ndalama ayi. Kashi amene ndimapereka ndi amene ena aika tsiku lomwelo, ndiye kumapeto kwa mwezi, pamene aliyense akutapa ndipo oika ndi ochepa, pofika masana m'kabati mumakhala mulibe kanthu. Mukafuna ndalama yochuluka mundiuze dzulo lake. Chenjezo langa ndi ili: musatulutse katundu poona uthenga pafoni ya kasitomala, ngakhalenso uthenga wofika pafoni yanu, chifukwa akuba amalemba wofanana nawo ndendende. Imbani *211# kapena *444# muone nokha ngati ndalama yalowadi. Mnzathu wina anakweza matumba a ufa pangolo, wogula akuti netiweki ikuchedwa, ndipo ndalamayo mpaka lero.

Mwini sitolo ya zomangira nyumba, pa Boma: Zikomo nonse. Ndaimbira mwini wake wa simenti, osati dalaivala, ndipo wadabwa kumva kuti ndimavutika chonchi, chifukwa iye amakondwa kwambiri ndalama ikalowa kubanki galimoto isananyamuke. Za kashi zinali zokonda dalaivalayo. Wandipatsa nambala ya akaunti. Anyamata otsitsa matumba ndiziwalipira ndi ndalama ya misomali ija. Achimwene a ku Cape Maclear, sukulu ina yaitanitsa malata 60 ndipo ikuti ilipira kudzera kubanki Lachisanu. Ndawayankha kuti malatawo ndiwapatula n'kuwalemba dzina lawo, koma adzatuluka m'sitolo muno banki ikanditsimikizira kuti ndalamayo yalowa.