Mango anga aphukira masamba m'malo mwa maluwa, ndathirira kwambiri?

Alimi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Kamwendo, ku Mchinji, ndipo ndili ndi mitengo 12 ya mango okwatitsa, Kent ndi Tommy Atkins. Chomwe ndikudziwa n'choti mango amafuna chisanu cha Juni ndi Julayi, dothi litauma, kuti achite maluwa cha mu Ogasiti.

Chaka chino ine ndinkathirira sabata iliyonse, poti mitengoyi ili m'mphepete mwa dimba la tomato. Taonani, Sepitembala wafika, nsonga zonse zangophukira masamba anthete ofiirira, duwa ndi limodzi lomwe ayi. Mitengo iwiri yakumtunda, yomwe madzi sankafikako, ndiyo yachita maluwa, koma nawonso agwidwa ndi zoyera ngati ufa. Ukagwedeza nthambi akungoyoyoka. Zikundipweteka mtima, mangowa ndi amene amandilipirira fizi ya ana mu Januwale.

Kodi vuto ndi madziwo, kapena usiku sunazizire mokwanira? Nanga ndikasiya kuthirira pano, kutentha kwayamba kaleku, angachitebe maluwa? Amene muli ndi mango okwatitsa ku Kapiri kapena ku Santhe, inu mumasiya kuthirira mwezi uti, ndipo zoyerazi mumathana nazo bwanji?