Membala wa khonsolo ya yunivesite, kampani ya akazi awo ikufuna tenda pomwepo

Nachisale

Ndifunse kwa odziwa malamulo. Tiyerekeze bambo wina wasankhidwa ndi boma kukhala mu khonsolo ya yunivesite (gulu loyang'anira kayendetsedwe kake), kaya ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST. Akazi awo ali ndi kampani ya zomangamanga, ndipo yunivesiteyo yatulutsa tenda yomanga hositelo. Bamboyo akangonena pamsonkhano kuti "kampaniyo ndi ya akunyumba," ndiye kuti zatha?

Chimtengo

Sizinathe ayi, mayi. Gawo 25D la lamulo lothana ndi ziphuphu la Corrupt Practices Act likufuna zinthu zingapo. Munthuyo anene msonkhano ukungoyamba, kapena pomwe wadziwira, kuti kontirakitiyo ikumukhudza motani. Asalankhulepo, asavote, ndiponso asakhale m'chipindamo nkhaniyo ikukambidwa. Ambiri amalakwa pomalizapa. Amaulula bwinobwino, kenako n'kukhala phee pampando akumwa madzi, anzawo akukambirana za kampani ya akazi awo pamaso pawo. Ndani angatsutse momasuka mwini wake akumuyang'ana?

Asanamizire kuti iye si wogwira ntchito m'boma popeza amangobwera pamisonkhano n'kulandira alawansi. Lamuloli limawerenga membala aliyense wa bungwe la boma, kaya ndi wa kanthawi, kaya salipidwa n'komwe. Silimathera pa mkazi kapena ana, limafikanso kwa mnzake wapamtima wochita naye bizinesi.

Mlembi wa khonsolo, amene amakhala Registrar, alembe m'maminitsi zimene membalayo waulula, nthawi imene watuluka ndi nthawi imene wabwerera. Awerengenso amene atsala. Akatuluka awiri atatu, chiwerengero chofunika kuti msonkhano ugamule nkhani chikhoza kuperewera, ndiye chigamulocho wina atha kukachigwetsa kukhoti.

Nangozo

A Chimtengo anena zoona, koma fisi amalowera pena. Khonsolo siyiwunika mabidi, mapepala amene makampani amapereka popikisana pa tenda. Ntchito imeneyo ndi ya akatswiri amene yunivesite yawasankha, kenako komiti yogula zinthu ya IPDC, motsata malamulo a PPDA okhudza kagulidwe ka zinthu za boma. Anthu amenewa ali pansi pa Vice Chancellor ndi Registrar, ndipo makontirakiti a akuluakulu awiriwa amadutsa m'manja mwa khonsolo yomweyo. Foni imodzi yamadzulo, yoti "mwaiona kampani ija?", imalemera kuposa voti.

Chachiwiri ndi mapepala. Mamembala amalandira mpukutu wa zokambirana msonkhano usanafike, ndipo muli bajeti: hositelo yapatsidwa ndalama zakuti, idzamangidwa chaka chakuti. Pepala limenelo likagona pa tebulo la pabalaza, kampani ya mayi yadziwa kale mtengo woti ilembe, opikisana nayo akungopenekera. Pofika tsiku lotuluka m'chipinda, madzi atayika kale. N'chifukwa chake kuulula kuzichitika munthu akangolowa mu khonsolo. Alembe makampani onse a iye ndi a m'banja mwake mu kaundula wosungidwa ndi Registrar, ndipo Registrar azichotsa masamba okhudza nkhaniyo mu mpukutu wa membalayo. Membala wotere asaikidwenso mu komiti ya zachuma kapena ya zomangamanga.

Ine ndimaona kuti njira yoyera ndi yoti kampaniyo isapikisane nawo pa yunivesite imeneyo mpaka bamboyo atamaliza nthawi yake. Tenda za zomanga zilipo kwina.

Nachisale

Zikomo nonse. Nanga wophunzira kapena mphunzitsi amene akukayikira angatsimikize bwanji? Maminitsi a khonsolo sapachikidwa pa bolodi.

Kamtedza

Poyambira ndi pa dzina la kampani. Ku ofesi yolembetsa makampani kumapezeka mayina a madayirekitala ndi eni masheya. Samalani, ena amalembetsa dzina la mlamu kapena mphwake, choncho muonenso adiresi ndi nambala ya foni ya kampaniyo. Kawirikawiri chinsinsi chimaululikira pamenepo. Kenako lembani kalata ku yunivesite kupempha maminitsi a nkhaniyo ndi lipoti la owunika mabidi, potsamira lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga la Access to Information Act limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kalata ikhale ndi deti, ndipo kope lanu alidinde. Palinso ofesi ya Director of Public Officers' Declarations, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, kumene akuluakulu a m'boma amalembetsa chuma ndi mabizinesi awo ndi a m'banja mwawo. Zikasemphana ndi zimene mwapeza, pitani nazo ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Ngati nkhani ndi ya kulemba ntchito wachibale, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere.

Pali mtundu wina wa vutoli umene gawo 25D silikhudza, chifukwa palibe kontirakiti. Mlembi wamkulu (PS) wa unduna woona za maphunziro ndi wa ku Treasury, yosunga chuma cha boma, amakhala mu khonsolo chifukwa cha maudindo awo. Yunivesite ikafuna kukweza fizi kapena kudandaula kuti ndalama za boma zikuchedwa, anthu amenewa amakhala mbali zonse ziwiri za tebulo. Kuwatulutsa sikungathandize, popeza anaikidwamo dala kuti alankhulire boma. Chofunika n'choti maminitsi asonyeze poyera kuti awa ndi maganizo a unduna, ndipo mamembala enawo avote nkhaniyo, osangoti poti a PS anena ndiye yatha.