Kodi kuthira laimu m'chakudya cha makumba kumalimbitsa mafupa?

Gondwe_Mzuzu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chakudya ndi chosakaniza madeya, soya wokazinga ndi ufa wa mafupa pang'ono. Makumba akudya bwino koma sakukula, ena msana wapindika, ndipo ukatumbula m'mimba mwadzaza mafuta. Ena akuti tithiremo laimu monga amachitira ndi chakudya cha nkhuku zoikira mazira. Kodi zimathandiza?

NaBanda_Domasi:
Bambo Gondwe, laimuyo musathire m'chakudya. Zizindikiro mwatchulazo, makamaka mafuta ambiri ndi msana wopindika, zimaloza ku kuchepa kwa fosifolasi, osati kashiamu. Nsomba ya m'madzi opanda mchere imatenga kashiamu wambiri m'madzi momwemo kudzera m'makha, pamene fosifolasi m'madzi a damu ndi wochepa kwambiri, ndiye ayenera kudzera pakamwa basi.

Vuto ndi lakuti mchere womanga thupi monga fosifolasi ukakhala m'chakudya sindiye kuti walowa m'magazi. Fosifolasi wa m'mafupa ndi wolimba, amasungunuka pokhapokha akumane ndi asidi wa m'chifu. Laimu ndiye amazimitsa asidiyo. Chifu chimathira asidi, laimu n'kumumwa, pH n'kukhala pamwamba nthawi yaitali (pH ndi muyeso wa asidi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa), ufa wa mafupa n'kudutsa osasungunuka mpaka kutuluka ndi ndowe. Kashiamu wochuluka uja akafika m'matumbo, momwe pH ili cha m'ma 7 kapena kupitirira, amagwirananso ndi fosifolasi wochepa amene anasungunuka. Nkhuku yoikira imafuna kashiamu pafupifupi 4 peresenti chifukwa cha chikamba cha dzira. Nsomba ilibe ntchito imeneyo, n'chifukwa chake layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira, si chakudya chake.

Laimu waulimi malo ake ndi pansi pa damu, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita iliyonse musanadzaze madzi, malingana ndi kuwawasa kwa dothi. M'chakudya ikani monocalcium phosphate, amene ogulitsa zosakaniza za chakudya cha nkhuku amangomutcha MCP. Ali ndi fosifolasi pafupifupi 22 peresenti ndipo amasungunuka mosavuta. Kilogalamu 1 mpaka 1.5 pa makilogalamu 100 a chakudya imawonjezera fosifolasi ndi 0.2 mpaka 0.3 peresenti. Cholinga n'chakuti fosifolasi wolowadi m'thupi afike cha pa 0.5 peresenti kapena kuposerako. Muyambe mwamusakaniza ndi madeya okwana beseni laling'ono, kenako mophatikiza ndi mulu wonse, apo ayi amaunjikana malo amodzi.

Chisale_Kasinthula:
Mayi NaBanda anena zoona, koma pali mdani wina amene ali kale m'thumba la madeya. Mu chimanga, soya ndi gaga wa mpunga, magawo awiri mwa atatu a fosifolasi kapena kuposa amakhala omangidwa mu chinthu cha m'mbewu chotchedwa phytate, ndipo nsomba ilibe mphamvu yokwanira yomumasula. Choipa kwambiri, phytate akafika m'matumbo momwe asidi watha amakola zinki, ayironi ndi kashiamu n'kupanga timibulu tosasungunuka. Mukawonjezera laimu, zinki ndiye amatayika koposa. Kusowa zinki kumachedwetsa kukula, kumadya zipsepse, ndipo kwa nsomba yotchedwa trout kumabweretsa ng'ala m'maso.

Chothandiza ndi phytase, mankhwala othira m'chakudya amene amamasula fosifolasi mu phytate, mayunitsi 500 mpaka 1,000 pa kilogalamu ya chakudya. Amagwira bwino ntchito pamalo a asidi, pH ya pakati pa 2.5 ndi 5.5, kutanthauza m'chifu. Moto umamupha, choncho musamuthire soya akadali wotentha kuchokera pa chiwaya, ndipo ngati makina anu a mapeleti amatenthetsa kupitirira madigiri 80, musungunuleni m'madzi pang'ono n'kuwaza mapeleti atazizira. Citric acid, makilogalamu 1 mpaka 3 pa 100, amathandizanso kusungunula mchere, koma mukapyola apo nsomba zimayamba kulavula chakudya.

Kuviika madeya kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachepetsako phytate, koma chimanga chili ndi phytase wake wochepa, ndiye musayembekezere zambiri. Ndipo madeya onyowa akachita chuku, tayani.

Gondwe_Mzuzu:
Zikomo nonse. Nanga izi n'chimodzimodzi kwa mlamba ndi matemba? Komanso nthawi yodyetsera ili ndi kanthu?

Mwale_Salima:
Si chimodzimodzi, achimwene. Makumba, chambo, chilunguni ndi mlamba ali ndi chifu chothira asidi. Matemba, usipa, mpasa ndi ntchira ndi a banja la nsomba yotchedwa carp, alibe chifu, chakudya chimangolowa m'matumbo momwe mulibe asidi. Kafukufuku wa Ogino ndi anzake ku Japan mu 1979 anaonetsa kusiyanaku bwino: pa tricalcium phosphate, wofanana ndi wa m'mafupa, carp inatenga 13 peresenti yokha pamene rainbow trout, ya chifu, inatenga 64. Pa MCP zonse ziwiri zinatenga 94. Ndiye kwa nsomba yopanda chifu ufa wa mafupa ndi ndalama yoponya m'madzi, ndipo phytase ndi bwino agwire ntchito m'chakudya chonyowetsedwa nsomba isanadye.

Za nthawi zilipo. Moriarty, pofufuza Nile tilapia ku Lake George m'dziko la Uganda, analemba mu 1973 kuti pH ya m'chifu imatsika kufika 1.4, asidi wokwanira kuswa ndere zobiriwira, koma usiku chifu chikakhala chopanda kanthu asidi amaleka. Chakudya choyamba cha mbandakucha chimadutsa chisanagayike bwino. M'damu lobiriwira nsomba zimayamba ndi ndere, choncho chakudya chogula perekani cha m'ma 9 kapena 10 koloko, china cha m'ma 2 kapena 3 masana, pamenenso mpweya m'madzi wakwera. Gawani kawiri kapena katatu. Chakudya chambiri nthawi imodzi chimameza asidi, pH n'kukwera kufika 4 kapena 5, ndipo pamatenga maola kuti itsikenso.

Chifu sichingosungunula, chimayamwanso. Carol Bucking ndi Chris Wood a ku McMaster University ku Canada anapeza kuti rainbow trout imatenga pafupifupi 90 peresenti ya potaziyamu wa m'chakudya ndi 60 peresenti ya maginiziyamu, koma kashiamu osafika gawo limodzi mwa atatu. Komanso chifu chikamathira asidi, bicarbonate, mchere wozimitsa asidi, amapita m'magazi, ndipo makha ndiwo amamutulutsira m'madzi kwa maola angapo nsomba itadya. Pa nthawi imeneyi makha ali pa ntchito yaikulu. Nsomba zonyamula kupita kwina timazimana chakudya maola 24, makamaka kuti zisadetse madzi onyamulira.

Ku Mzuzu kwanuko, mu Juni ndi Julayi madzi akatsika pansi pa madigiri 20 chigayo cha makumba chimachedwa, ndiye dulani chakudya ndi theka. Zimene zapindika kale msana siziwongoka, zichotseni pokolola ndipo musazisunge ngati makolo.