Ndithandizeni akuluakulu: mpeni wopinda wolimba wa ntchito, ndalama ndi zochepa

Wamagetsi wa ku Ulongwe:
Akuluakulu ndatopa nazo. Mpeni wachitatu chaka chino wandithera dzulo. Ndinali padenga ku Domwe ndikukoka kabo ya 4 mm² ya mapanelo a sola, ndati ndidule abrasadera imodzi (kalamba ka pulasitiki komangira mawaya), loko yangogonja, mpeni nkupindikira pa chala. Golovesi yang'ambika, chala changokalika pang'ono, koma chikanapita. Ndi ija ya pamsika yakuda ngati ya asilikali, yolembedwa stainless basi, ndinagula 250 meticais. Masabata awiri oyamba imakhala bwinobwino, kenako parafuzo (sikuluwu) ya pakati imamasuka, chitsulo nkumagwedera uku ndi uku. Ndikufuna woyenda nawo m'thumba tsiku lililonse, wosendera chikopa chakunja cha kabo, kudulira abrasadera, kutsegulira makatoni a mabatire, nthawi zina kusemera kathabwa kokhomerapo kwadro (bokosi logawira magetsi m'nyumba). Pothera panga ndi 1000 meticais. Za alikate (pulayala) yosendera mawaya musandiuze, ndili nayo. Ndikufunsa mpeni.

Mestre wa ku Moatize:
Mphwanga, gulani Okapi wa mphete. Nkhani yatha. Malemu bambo anga anabwera nawo kuchokera ku Joni, wawowo unali wolembedwa Germany chifukwa mipeniyi inayambira kumeneko mu 1902, ku South Africa anayamba kuipanga mu 1988. Anasendera nawo mbuzi, anasemera nawo mipini, mpaka chitsulo chinatsala ngati singano koma osapindikira munthu. Wanga ndinagula 2011, uli m'thumba pano ndikulemba. Ulibe parafuzo yoti imasuke, ndi misomali yokhomerera. Ukatsegula umalira kuti kretekrete, ndipo sutsekeka mpaka mutakoka mphete ija.

Wasola wa ku Tsangano:
A Mestre, ku Moatize n'kouma, ndiye mukhoza kutero. Kuno kumapiri Okapi amachita dzimbiri usiku umodzi wokha, chitsulo chake ndi cha kaboni. Ine ndinausiya m'thumba la ovololo yonyowa Lachisanu, pofika Lolemba unali wofiira ngati khasu la m'munda. China, umabwera wobuntha kuchokera m'sitolo, mpaka ukhale pansi ndi mwala ola lathunthu. Ndipo pamakwerero, dzanja limodzi litagwira denga, mudzautseka bwanji? Umafuna manja awiri.
Ine ndili ndi Opinel No. 8 wa ku France, alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Maputo. Chitsulo ndi cha 8.5 cm, chopyapyala, chimalowa m'chikopa cha kabo ngati mu papaya. Loko yake ndi kamkombero kozungulira pakhosi, palibe chogonja. Koma nawonso uli ndi matenda ake. Chogwirira n'chamtengo, mvula ikangoyamba chimafufuma, mpeni nkukanirira mkati. Umachita kugogoda kumatako kwake pa thabwa kuti nsonga ituluke. Musayerekeze kupanira nawo chivundikiro cha kwadro, nsonga imathyoka.

Mestre wa ku Moatize:
Dzimbiri ndi ulesi wa mwini mpeni. Kadontho ka oyilo madzulo aliwonse, basi. Okapi.

Mayi wamagetsi wa ku Matundo:
Achimwene a ku Ulongwe, pepani ndi chalacho. Koma ine chandiopsa si loko, ndi pamene mwati munali padenga ndi kabo ya mapanelo mpeni uli m'manja. Mapanelo alibe disjuntor (swichi yodulira magetsi), dzuwa likangowala ali moyo. Atatu okha akuluakulu olumikiza motsatana adutsa kale 100 V, ndipo moto wa DC (magetsi a mapanelo ndi mabatire) ukayaka suzima msanga ngati wa AC (magetsi a m'nyumba). Mipeni yonse imene ikutchulidwa pano palibe ngakhale umodzi wotchinga magetsi.
Chaka chatha ndinali ndi mnyamata wophunzira ntchito pa nyumba ina kuno. Ndinatsitsa ndekha disjuntor yaikulu, mita ya Credelec (ya magetsi olipiriratu) ili zii. Sitinadziwe kuti mwini nyumba analumikiza inversor yake (chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba) kuchipinda chakumbuyo, ikubweza 220 V m'mawaya. Mnyamatayo anangoti akhudze fio (waya) ndi kanivete (mpeni wopinda) wake, ndinamva kukuwa, mpeni uko iye uko. Anachira, koma chikhatho chinapsa ndipo anakhala milungu itatu osagwira chida. Kuyambira pamenepo aliyense wogwira ntchito ndi ine amayeza kaye ndi multimita ngati muli magetsi, ndipo mkati mwa kwadro mumalowa mpeni wolembedwa 1000 V wokhala ndi chizindikiro cha makona atatu awiri olowana, wa muyezo wa IEC 60900. Yambiri yotere sipinda, imakhala ndi kachivundikiro. Wopinda ndi wa makatoni ndi kabo imene ikadali pa rolo.

Mestre wa ku Moatize:
Mayi, chogwirira cha Okapi ndi mtengo. Mtengo sudutsa magetsi.

Mayi wamagetsi wa ku Matundo:
A Mestre, ndi ulemu wonse, tulutsani wanuwo muuyang'ane kumsana. Chitsulo cha sipuling'i chili panja, chayenda pamwamba pa chogwirira pomwe pamakhala chikhatho. Ndiye muonjezepo thukuta la mu Okutobala kuno ku Tete, kutentha kutadutsa 40, mtengowo utamwa thukuta zaka khumi. Anyamata akuwerenga pano, chonde tisawaphunzitse zimenezo.

Wamagetsi wa ku Ulongwe:
Mayi ndamva, ndipo kabo ija inali isanalumikizidwe. Koma akuluakulu mpaka pano mwandipatsa machenjezo okhaokha. Loweruka ndikutsikira ku Tete kukatenga mabatire. Ndikalowe mu ferrajemu (sitolo ya zida) ndikanene kuti chiyani?

Wamafiriji wa ku Songo:
Musakanene dzina, mukaugwire. Dzina amalemba aliyense masiku ano, ngakhale Okapi wabodza aliko. Ine ndimachita chonchi wogulitsa akuona. Ndimautsegula mpaka loko ilire, ndigwire chitsulo kumsana ndi zala ziwiri, ndigwedeze cham'mbali kenako chokweza ndi chotsitsa. Kugwedera cham'mbali pang'ono kumatheka kumanga ndi parafuzo. Koma ukagwedera chokweza ndi chotsitsa, ubwezereni pomwepo, loko yake ndi yakufa kale. Kenako zala zichoke panjira ya chitsulo, mukanikize msana wake pa thabwa mwamphamvu. Ukapindika m'sitolo wakupulumutsani padenga.
Ngati ndi wa loko ya kachitsulo ka mkati kaja kokankha ndi chala chachikulu, suzumirani muone pamene kakhazikika. Kazilowa bwino pansi pa chitsulo, chapakati. Kakangogwira m'mphepete ngati chikhadabo, ndi zomwe zakuchitikiraniyo. Kakapitirira mpaka mbali inayo, katha kale. Kwa ine loko ya kumsana, yodina kumbuyo kwa chogwirira, ndi imene imapirira pa mipeni yotchipa.
Pa chitsulo, ukalembedwa 8Cr13MoV ndi wa ku China koma ndi wabwino pa ndalama zanuzo, umanoleka msanga ndipo suchita dzimbiri wamba. 3Cr13 ndi wofewa, mudzanola kawirikawiri. Wongolembedwa stainless opanda nambala mwauona kale. Utali 7 mpaka 9 cm wakwana. Wa mano ngati sowo usiyeni, umang'amba chikopa cha kabo ndipo kunola kwake n'kovuta. Parafuzo ya pakati nthawi zambiri ndi Torx yaing'ono (ya mutu wa nyenyezi), T6 kapena T8. Mukafika kunyumba imasuleni, mudonthezepo guluu wa maparafuzo, akasowa ngakhale vanishi wa zikhadabo wa akazi anu, mumange, muusiye ugone. Funsaninso makanivete a Tramontina a ku Brazil, chitsulo chawo n'chokhulupirika, kungoti ena alibe loko, ndi sipuling'i yokha. Otero sabayira chinthu, amangodulira chokoka.

Wasola wa ku Tsangano:
Apo pa chogwirira ndionjezepo. Musatenge wachitsulo chokhachokha. Mnzanga wina ku Furancungo anausiya wotsegula pamwamba pa batire ya 200 Ah akumanga materminali. Unangotsetsereka nkugona pa zonse ziwiri. Kuthetheka kwake ngati wowotcherera, mpeni unamatirira pomwepo, chitsulo chinadyeka dzenje lolowa njere ya chimanga. Anachita kuuchotsa ndi mpini wa tsache. Ndi 12 V yokha, koma batire imatulutsa ma ampere mazanamazana ikagundana choncho.

Mestre wa ku Moatize:
Mwaona? Ma T8, ma guluu, ma vanishi. Zonsezo kuti mpeni wa 1000 meticais ufanane ndi Okapi amene safuna chilichonse. Wabodza amadziwika, mphete yake ndi yopyapyala ndipo salira bwino potsegula.

Wamawaya wa ku Zóbuè:
Palibe amene wanena za pamsewu. Ife a m'malire timadutsa pa zipata tsiku ndi tsiku. Mpeni wakuda wotseguka ndi batani uja, ukapezeka m'thumba la buluku mu chapa (minibasi), mafunso amachuluka, amayamba kunena za arma branca (chida chakuthwa chovulazira anthu). Womwewo ukakhala m'chikwama cha zida limodzi ndi alikate ndi multimita, palibe amene amaucheukira. Ndipo a Mestre musakwiye, Okapi ku South Africa ali ndi mbiri ya zigawenga, madalaivala a magalimoto akuluakulu odutsa pano amadziwa. Wanga ndimauika m'chikwama ndikamakwera galimoto, ndimautulutsa ndikafika pa ntchito. Amene mumakwera ndege pa Chingodzi kupita ku maobra (malo a ntchito zomanga) a kutali, m'chikwama cha m'manja saloleza, muuike mu katundu wopita pansi.

Mestre wa ku Moatize:
Mpeni sukhala chigawenga, chigawenga ndi munthu. Koma zoti pa geti amaletsa n'zoona, kuno ku migodi malo ena salola mpeni wa m'thumba ngakhale uli wamagetsi, amafuna x-ato (kampeni kodulira makatoni) yobwerera yokha. Ndimausiya m'galimoto, ndikatuluka ndimautenga.

Mayi wamagetsi wa ku Matundo:
Chinanso chimene ndimakumana nacho pokonza ntchito za anzathu. Munthu amasenda fio ya 2.5 mm² ndi mpeni mozungulira ngati akudula nzimbe, nkucheka mkuwa pang'ono osaona. Akapinda kuti alowetse mu tomada (soketi), pochekapo pamakhala pofooka. Miyezi ingapo, mayi wa nyumba akulumikiza mbaula yamagetsi, tomada yada, fio yaduka pomwe panadutsa mpeni. Ndazipeza kambirimbiri. Mpeni uzigona chogona pa chikopa chakunja, uziyenda chotalika, kuthwa kukuloza kutali ndi thupi. Mawaya a mkati ndi a alikate. Komanso mkuwa umabunthitsa mpeni msanga, ndipo mpeni wobuntha ndi umene umacheka mwini wake chifukwa amaukakamiza.

Wamafiriji wa ku Songo:
Zoona mayi. Ndipo musapite nawo pa galayindala, chitsulo chikangosanduka chabuluu chapsa, sichidzagwiranso kuthwa. Mwala ndi madzi. Ndikakhala kutchire ndimatembenuza kapu yadothi ya tiyi, kamkombero kosapaka kapansi kaja kamanola bwino ndithu, kenako ndimapukutira pa lamba.

Wasola wa ku Tsangano:
Achimwene a ku Ulongwe, poti mukutsikira ku Tete Loweruka, mungandiyang'anireko ma MC4 enieni, mapulagi olumikizira mawaya a mapanelo? Amene ndinagula mwezi watha akusweka ndi dzuwa, awiri alowa kale madzi. Ndikufuna mapeyala 20, ndalama nditumiza pa M-Pesa.

Wamawaya wa ku Zóbuè:
Ma MC4 osasakaniza mitundu, mwamuna wa kampani ina mkazi wa kampani ina amatentha. Mukupanira ndi chiyani, alikate yakeyake kapena wamba?

Mestre wa ku Moatize:
Mphwanga wa ku Ulongwe, mukamadutsa pa Moatize Loweruka imani pa msika mundiimbire. Ndibwera nawo wangawu muugwire nokha, muyese zonse zimene anena a ku Songo.